Zaka 130 miliyoni kuseri kwa nyumba yathu

Ndakhala ndikukwera Phiri la Mulanje ndi alendo kwa zaka 14. Ndinayamba ngati mnyamata wonyamula katundu pa Likhubula, chikwama kumsana, ufa ndi mapoto pamutu, mpaka ndinadziwa njira zonse ndi Chingerezi chokwanira kukhala gayidi. Pali mawu ena amene gayidi aliyense amawaloweza. Tikafika popumira, alendo akutulutsa mabotolo a madzi, ndimaloza thanthwe la Chambe n'kunena kuti miyala ya phirili inapangika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kuti nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, kuti mkungudza wa kuno sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi. Alendo amagwedeza mitu, ena amalemba m'kabuku, kenaka timanyamuka.

Nambala imeneyo ndainenapo kambirimbiri, koma nthawi zonse m'Chingerezi. Inkatuluka pakamwa panga ngati mtengo wa mulu wa tomato pa msika wa Chitakale: wanena, munthu wamva, zatha. Mumtima sinkafika. Amene anaifikitsa ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 5, mothandizidwa ndi makatuni a pa foni yakale yong'aluka galasi.

Foniyo inabwera ndi alamu anga, achimwene a mayi a kunyumba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anabwera pa Khirisimasi, ndipo pobwerera anasiyira ana foni imene ana awo anali atatopa nayo, muli memori khadi yodzaza makatuni. Ambiri anali aphokoso chabe, kuthamangitsana ndi kumenyana, ndipo ana anawaonera sabata imodzi n'kuwaiwala. Koma munali pulogalamu imodzi imene inatikakamira ngati chisoso pa chovala. Dzina lake ndi Dinosaur Train.

Inayamba kuonetsedwa mu 2009 pa kanema wa ana wa PBS Kids ku America. Anaiyambitsa ndi Craig Bartlett, ndipo inapangidwa ndi kampani ya Jim Henson. Nkhani yake ndi ya banja la zouluka zakalekale zotchedwa Pteranodon. M'chisa mwa mayi muli mazira anayi. Atatu akuswa ana a mapiko, Tiny, Shiny ndi Don, koma lachinayi likutulutsa kamwana kopanda mapiko, ka mano akuthwa ndi timanja tifupitifupi. Kameneka ndi ka chilombo chodya nyama chotchedwa Tyrannosaurus rex, dzina lake Buddy, ndipo mayiyo akukalera limodzi ndi anzake. Banjali limakwera sitima ya pamtunda imene imalowa m'phanga n'kukatulukira m'nyengo ina, kaya ya Triassic, ya Jurassic kapena ya Cretaceous, kukacheza ndi madayinoso, zilombo zakalekale za nthawi imeneyo. Amawafunsa chimene amadya, amawerenga zala zawo, amayerekeza mano. Kondakitala wa sitimayo ndi dayinoso wina wotchedwa Troodon. Nkhani iliyonse imatenga mphindi pafupifupi 11, ndipo ikatha pamabwera munthu weniweni, Dr. Scott Sampson, katswiri wa mafupa akale, kudzafotokoza zimene asayansi anapeza ndi kulimbikitsa ana kuti atuluke panja akadzifufuzire okha.

Kwathu tilibe magetsi. Foni imachajidwa pa kasola kathu ka padenga, ndipo batire yake yotopa imakwanira nkhani ziwiri basi, zimene ine ndimaona kuti n'zokwanira kwa maso a mwana. Tikatha kudya nsima ya madzulo, foni timaitsamiritsa ku chitini cha shuga pakhonde. Kutsogolo kumakhala mwana wanga, pambali pake mchimwene wake wa zaka 8, ndipo kumbuyo ana a anansi amene amangotulukira ngati ngumbi mvula ikagwa. Chingerezi cha m'makatuniwa n'chothamanga, cha m'mphuno, ndipo mwana wa mkombaphala sangachigwire. Choncho ntchito yomasulira inagwera ine. Ndimaimitsa, ndimafotokoza, ndimapitiriza.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti kunena chinthu m'chiyankhulo cha eni ake n'kosavuta, chifukwa ungathe kubisala kuseri kwa mawu. Mlendo ukamuuza nambala amakhutira. Mwana ukamuuza m'Chichewa amafunsa kuti ndiye kuti chiyani, ndipo ngati sukudziwa, zimaonekera poyera.

Mawu oyamba kundivuta anali amene Buddy amakonda kunena, akuti hypothesis. Mwana wanga ankawatchula mopotoza lilime, akuzungulira nawo bwalo lonse. Ndinagona nawo usiku umodzi, m'mawa n'kumuuza kuti ndi ganizo limene sunalikhulupirire, limene ukufuna ukaliyese kaye uone ngati n'loona. Kuyambira tsiku limenelo nyumba yathu inadzaza ndi maganizo oti tikawayese. Ganizo lakuti nyerere zimakonda shuga kuposa mchere linayesedwa pa mbale ziwiri kuseri kwa khitchini. Ganizo lakuti nanzikambe ukamuika pa chitenje chofiira afiira linayesedwanso, ndipo linalephera, nanzikambe anangoda ndi mkwiyo n'kumapita. Chimene chinandikondweretsa n'chakuti mwanayo sanakhumudwe. Anangoti, "Ababa, limenelo linali labodza, ndiganiza lina."

Ndiye linabwera funso lalikulu. Tinali titaonera nkhani ina ya chilombo cha khosi lalitali, mwana n'kutembenuka. "Ababa, zimenezi zinaliko liti? Anganga anaziona?"

Ndinayankha monga aliyense akanayankhira, kuti zinaliko kalekale. Iye anati, "Kale la padangokhala?"

Mawu athu akuti kale ndi thumba lalikulu. Mumalowa dzana, mumalowa nthawi ya Kamuzu, mumalowa nthawi ya thangata pamene makolo athu ankagwira ntchito m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pa malo, mumalowanso nthawi imene Kalulu ankayankhula ndi Njovu. Zonse zimangogona pamodzi m'thumbamo, ndipo kwa mwana wa zaka 5 palibe chosiyanitsa unyamata wa agogo ake ndi chiyambi cha dziko. Ndinaona kuti nanenso kale langa linali losakanikirana chimodzimodzi, kungoti ine ndinali nditalimata nambala pamwamba.

Ndinabwereka rula ya mchimwene wake, ya pulasitiki ija ya masentimita 30. Ndinati tiyeni tigwirizane kuti kamzere kamodzi kakang'onong'ono, milimita imodzi, ndi chaka chimodzi. Mwana anawerenga timizere take tisanu, chala chake n'kutiphimba tonse. Zaka zanga sizinafike masentimita anayi. Za anganga ake zinatalika ngati chala chamkombaphala. Tiyi amene watizungulira mbali zonse, amene timaganiza kuti analipo chikhalire, anayamba kudzalidwa kuno ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo pa rula sanafike ndi pakati pomwe. Kubadwa kwa Yesu kunatuluka pa rula n'kukakwana mamita awiri, msinkhu wa chitseko chathu. Mpaka apa ana ankaseka, akuyeza chitseko ndi manja.

Kenaka ndinatenga pensulo kuti ndiwerengere zotsalazo kuseri kwa kope. Zaka miliyoni imodzi ndi kilomita imodzi. Madayinoso akuluakuluwa anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, pamene chimwala chachikulu chochokera mumlengalenga chinagwa ku Yucatán, m'dziko limene lero ndi Mexico, fumbi ndi utsi n'kuphimba dzuwa, zomera n'kufa, njala n'kumaliza zotsala. Zaka 66 miliyoni pa rula yathu ndi makilomita 66. Ndinayang'ana nambalayo, ndinabwereza masamu katatu. Ndi mtunda wochokera kuno kukafika ku Blantyre.

Ndinauza ana kuti tangoganizani minibasi ya ku Limbe ija, kuyambira pa siteji mpaka kukatsika m'tauni, msewu wonsewo utadulidwa timizere ting'onoting'ono ngati iti, kamzere kalikonse chaka chathunthu chokhala ndi dzinja lake, masika ake ndi chilimwe chake. Mwana wanga anapitako kamodzi ku Blantyre ndipo anagona kawiri m'njira. Anangoti kukamwa yasa.

Koma amene anakhala chete nthawi yaitali ndine, chifukwa ndinatukula maso n'kuona phiri litaima bii mumdima kuseri kwa nyumba. Zaka 130 miliyoni. Kupita ku Blantyre ndi kubwerako, milimita ndi milimita. Nambala ija ndinkaitaya pakamwa ngati khoko la mtedza inali itakhala pansi pakhonde langa, ndipo thupi linachita tsembwe.

M'mawa mwake ndinayamba kulumikiza zinthu zimene ndinkazidziwa padera padera. Nyengo ya Cretaceous, imene kondakitala wa sitima ija amaitchula nthawi ndi nthawi, inayamba zaka pafupifupi 145 miliyoni zapitazo n'kutha ndi chimwala chija. Ndiye kuti miyala ya phiri lathu ndi ya nyengo yomweyo. Phiri la Mulanje silinaphulike ngati mapiri a moto amene timaona pa zithunzi. Miyala yosungunuka ngati phala inakwera kuchokera pansi penipeni, inaima isanatulukire kunja, n'kuzizira pang'onopang'ono m'mimba mwa nthaka mpaka inauma gwa. Pamwamba pake panali miyala ina yofewerapo, ndipo imeneyo mvula ndi mitsinje zinaikokolola kwa zaka mamiliyoni, cholimba n'kutsala chili chiimire. Pamene madayinoso ankayenda pa dziko, Sapitwa anali kunsi kwa nthaka, osaonapo dzuwa. Likhubula, Ruo, Thuchila ndi Lichenya akupitirizabe ntchito yomweyo lero, ndipo mchenga umene amayi amakwechera mapoto kumtsinje ndi phiri limene likutsika pang'onopang'ono.

Pali chomera china chimene chimamera m'munsi mwa phirili, cha masamba olimba ngati a kanjedza, chimene akatswiri amachitcha Encephalartos gratus. Alendo okonda zomera amachifuna kwambiri, ndipo ndawaimirira kangapo akuchijambula. Gulu la zomera zimenezi linalipo kale m'nthawi ya madayinoso, chimodzimodzinso zomera za masamba ngati nthenga zija zimene zimadzaza m'zigwa zonyowa za pamwamba. Mwana wanga anaziona koyamba pa foni, kumbuyo kwa Buddy, ndipo nditamutengera kukaona chenicheni anachigwira mosamala ngati akupatsa moni munthu wamkulu.

Sipanatenge nthawi ana onse a pamudzi anasanduka okumba mafupa. Anatenga khasu lakutha ndi supuni, n'kukumba kuseri kwa khola mpaka mayi awo anadandaula kuti mbuzi zithyoka miyendo. Anapeza fupa la mbuzi, batire la wailesi ndi phale la mphika wakale lokhala ndi mizere yokongoletsa m'khosi. Phalelo ndinawauza alisunge, chifukwa nalonso ndi mboni ya munthu amene anaphikapo pamalopo ife tisanabadwe. Koma mwana wanga sanakhutire. Ankafuna fupa la dayinoso, ndipo ankati phiri lakale chonchi silingalephere kukhala nalo.

Ndinamufotokozera kuti fupa limasanduka mwala pokhapokha nyama ikafera pamene matope kapena mchenga ungaikwirire msanga, m'mbali mwa mtsinje kapena nyanja, zigawo n'kumasanjikana pamwamba pake, madzi a m'nthaka n'kumalowetsa mchere wa m'miyala m'timabowo ta fupalo. Mwala wa phiri lathu unabadwa m'moto, ndipo m'moto fupa silikhala. Nkhope yake inagwa. Anafunsa ngati ndiye kuti ku Malawi kunalibe, ngati zonse zinali za ku America.

Funso limeneli linandipweteka, chifukwa yankho ndinali nalo koma ndinali ndisanaganizepo zomuuza. Mlendo wina amene anayamba ulendo wake kumpoto anandiuzapo za chigoba cha dayinoso ku Karonga, ine n'kungovomera ndi mutu. Usiku umenewo ndinagula bandulo n'kuwerenga mpaka batire inatha.

Tili naye wathu. Dzina lake ndi Malawisaurus dixeyi. Mafupa ake oyamba anapezeka m'boma la Karonga m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene Frank Dixey ankafufuza za miyala m'dziko la Nyasaland, ndipo Sidney Haughton anawafotokoza mu 1928 pansi pa dzina lina. Patapita zaka zambiri gulu la Louis Jacobs, wa pa yunivesite ina ku Dallas, linabwera kudzakumba limodzi ndi Amalawi m'dera la Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 chilombocho chinapatsidwa dzina la dziko lathu. Chinali cha khosi lalitali ndi mchira wautali, chodya masamba, chotalika mamita oposa 10, cha m'gulu lotchedwa titanosaur limene abale ake amapezekanso ku South America. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa m'nyengo imeneyo Africa ndi South America zinali zikungoyamba kumene kutalikirana. Chinkayenda zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, Nyanja ya Malawi kulibe, m'nyengo yomweyo ya Cretaceous imene mwala wa phiri lathu unabadwa. Chigoba chake chopangidwa motengera mafupawo chaima m'nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Ndipo pakati pa anthu amene anachipatsa dzinali panali Mmalawi, mayi, Elizabeth Gomani. Iwowa ndi amenenso anatchula kang'ona kakang'ono kakale kotchedwa Malawisuchus mu 1997, ndi dayinoso wina, Karongasaurus, mu 2005. Nditamuuza mwana wanga zimenezi anaima pamene anakhala. "Mzimayi? Wa kuno konkuno? Amayankhula ngati ife?" Ndinati inde. Anathamangira kukhitchini kukauza mayi ake ngati wabweretsa uthenga wa ukwati.

Apa ndiyankhulepo zakukhosi. Mwana wanga anadziwa kutchula Pteranodon ndi Stegosaurus asanamvepo dzina la Malawisaurus, ndipo ine bambo wake, amene ntchito yanga ndi kufotokoza dziko lino kwa alendo, ndinali ndisanamuuze. Sindikuwada amene anapanga makatuniwa. Anapangira ana a kwawo, anagwira ntchito yawo bwino, ndipo atithandiza ndi ife omwe. Koma mwana akamaona zodabwitsa zonse zikuchokera kunja, zikuyankhula Chingerezi, amayamba kukhulupirira mwakachetechete kuti kwawo kunalibe kanthu, kuti nthaka ya kwawo ndi yolima chimanga basi. Pomwe ku Karonga komweko, pa Uraha, mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Pa rula yathu ndi makilomita pafupifupi awiri ndi theka okha, ulendo wa kuchigayo. Ngakhale nanzikambe wina wa m'nkhalango za phiri lino asayansi anamupatsa dzina lakuti Nadzikambia, lotengedwa m'Chichewa chathu chomwechi. Tili ndi anyamata ojambula bwino, tili ndi anthu a masewero a pa wailesi amene mawu awo amaimitsa msika. Ndimalakalaka tsiku limene mwana wa ku Muloza kapena ku Thekerani adzamva dayinoso wa khosi lalitali akupereka moni wa "mwaswera bwanji", popanda bambo woimitsa foni kuti amasulire.

Palinso zina m'pulogalamuyi zimene kholo liyenera kuwongola. Pteranodon si dayinoso, ndi chokwawa chouluka, ndipo apa makatuniwo amanena okha. Koma Pteranodon anakhalako zaka pafupifupi 85 miliyoni zapitazo, pomwe Tyrannosaurus rex anabwera kumapeto kwenikweni, pakati pa zaka 68 ndi 66 miliyoni zapitazo. Pa msewu wathu uja atalikirana makilomita pafupifupi 20, choncho chisa chimodzi sakanagonamo. Mitundu yowala ya zikopa zawo yambiri ndi yongopeka ojambula. Ndipo chilombo chodya nyama sichinkacheza mwaulemu ndi chakudya chake. Ana a kumudzi zimenezi savutika nazo, aonapo mphamba akutola mwanapiye.

Za mwanapiyezi zikundikumbutsa Lamulungu lina. Tinapha tambala chifukwa kunabwera alendo, ndipo mwana wanga anakhala pambali pa mayi ake akusosola. Anali atamva kwa Dr. Scott kuti mbalame ndi madayinoso amene anapulumuka. Anatenga mwendo wa tambalayo n'kuuyang'anitsitsa: zala zitatu zoloza kutsogolo, mamba, zikhadabo zokhota. Anaudinda pa dothi lonyowa pafupi ndi mtsuko, n'kuthamangira foni kukayerekeza ndi mapazi a Buddy. Pong'amba nthutumba munatuluka timiyala, ndipo ndinamuuza kuti ena mwa madayinoso ankamezanso miyala yoperera chakudya m'mimba. Titadya ndinamusungira kafupa ka mphanda ka pachifuwa kaja, chifukwa Tyrannosaurus rex analinso nako. Zipalapasiro, zimene kale ankazikana kuti akufuna ntchafu, tsiku limenelo anazipempha yekha. Mpaka pano nkhuku zikamapalasa pabwalo amaziyang'ana ndi ulemu wina wake.

Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mayi a kunyumba, ndipo nyumba ya apongozi anga ili kuseri kwa nkhokwe. Masiku oyamba ankangodutsa, akuti ana asiya nthano chifukwa cha kagalasi. Kenaka anayamba kuyala mphasa chapatali, cham'mbali, kumene amatha kuona foni popanda kukhala pafupi ndi ine. Tsiku lina pa galasi panadutsa chilombo cha m'madzi cha khosi ngati njoka. Anati, "Ameneyo ndi Napolo."

Palibe anaseka. Kuno dzina limenelo silisekedwa. Apongozi anaona madzi ndi miyala zikutsika ku Phalombe mu 1991, ndipo tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene mapiri anang'ambika usiku ndipo midzi ina inakwiririka. Zipsera zake zikuonekabe m'mapiri, mizere yofiira ndi yotuwa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ine ndikudziwa kuti mvula ya masiku angapo imakhutitsa dothi lopyapyala limene lakhala pa thanthwe lotsetsereka mpaka limaterereka, makamaka kumene mitengo inatha. Ndikudziwanso kuti ndi ntchito yomwe ija ya madzi imene inafukula Sapitwa, kungoti nthawi zina imagwira usiku umodzi zimene imagwira pa zaka chikwi. Ana ndinawafotokozera zimenezi tsiku lina tili tokha. Koma madzulo amenewo sindinatsutse apongozi. Munthu amene anaika maliro a abale ake chifukwa cha phiri ali ndi ufulu wotchula chimene chinawatenga ndi dzina limene amalidziwa.

Patapita masiku anatuma funso kudzera mwa mwana wawo, monga mwa mwambo. "Tawafunsani abambo akewa, zilombo zimenezi Nowa anazisiya bwanji?" Ife ndi anthu opemphera, ndipo funsoli linali lochokera pansi pa mtima. Ndinayankha, maso ndili pansi, kuti malinga ndi zimene miyala ikuonetsa, zinatha kalekale munthu asanaponde pa dziko, moti palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anazionapo zamoyo. Mwana wanga anabweretsa rula kuti awaonetse anganga ake chala chawo ndi msewu wa ku Blantyre. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, anakhala chete akutafuna fodya wawo, kenaka anati, "Ndiye kuti Mulungu anali ndi ziweto zake ife tisanabwere." Mawu amenewo ndawasunga.

Chodabwitsa n'chakuti nthano zinabwerera. Batire ikatha ana safuna kukagona, amasamukira pa mphasa ya anganga, ndipo iwo amayamba padangokhala, ana n'kuvomera tilitonse. Anawauza za amwandionerapati, anthu aafupi amene amati ankakhala m'phirimu, ndi za mizimu imene imasiyira munthu wosochera nsima yotentha pa thanthwe, yoti udye wekha osaitana mnzako. Ine ndinawonjezapo ya ku Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, kumene Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anasiya mapazi awo pa mwala ukadali wofewa. Mwana wanga anafunsa nthawi yomweyo kuti mapaziwo ali ndi zala zingati.

Mnyamata wa zaka 8 uja sindinanene zambiri za iye. Ndi mwana wa akulu awo a mayi a kunyumba, amene anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uyu si wa mnzathu n'komwe, ndi wathu, wa pa mbumba yomweyi. Koma anabwera ali wofatsa mopitirira, wodya mofulumira ngati akuopa kuti mbale ichotsedwa, wosapempha kanthu. Pa makatuni sankafunsa mafunso ngati mlongo wake. Ankangoyang'ana.

Usiku wina, titaonera nkhani imene Buddy anakumana ndi a mtundu wake, a mano ndi timanja ngati take, mnyamatayu anayankhula osayang'ana munthu. "Akadzakula adzapita kwawo?"

Ine ndinasowa poyambira. Mayi ake aang'ono anali akupukuta mbale, ndipo anayankha osatembenuka, ngati nkhani wamba. "Kwawo n'kuti? Suona kuti madzulo aliwonse amakwera sitima kubwerera ku chisa? Kwawo ndi kumene amamusungira malo ogona." Mnyamatayo sanayankhe. Koma nkhani yachiwiri isanathe anali atasendera, mutu wake uli pa miyendo ya mayi akewo, ndipo anagona pomwepo mpaka ndinachita kumunyamula. Ndi iyeyu amene tsopano amasunga phale lija ndi kafupa ka mphanda m'chitini cha mkaka, ndipo ndi iyeyu anajambula Malawisaurus ndi makala pa khoma la khitchini, khosi lake kufika pa mtanda wa denga. Tinamulonjeza kuti tidzayamba ndi ku Luchenza kukaona njanji, popeza sitima yeniyeni sanaionepo. Ku Karonga n'kutali, masiku awiri pa basi, koma chitini china chayamba kulandira makobidi alendo akandipatsa ya fanta.

Mwezi watha ndinakwera ndi alendo awiri kupita ku Sapitwa, kugona pa nyumba ya alendo ya Chisepo. Wonyamula katundu anali mnyamata wa zaka ngati 19, ulendo wake wachitatu. Popumira ndinanena mawu anga a masiku onse m'Chingerezi, alendo anagwedeza mitu n'kupita kukajambula maluwa. Mnyamatayo anatula chikwama, anapukuta thukuta, n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Achimwene, paja mumati zaka zingati?"

Ndinamuuza m'Chichewa. Ndinathyola kaudzu, n'kumuonetsa kunenepa kwake pakati pa zala kuti ichi ndi chaka chimodzi, ndipo zaka zake zonse sizikwana chala chachikulu m'mimba mwake. Kenaka ndinamutembenuza kuti ayang'ane kumadzulo, kumene kunja kukayera mapiri a ku Blantyre amaoneka ngati utsi, n'kumuuza kuti ayale timaudzu timeneti kuchokera pamene waimapo mpaka kukafika uko, akafika abwerere nato.

Anayang'ana kumadzuloko nthawi yaitali. Kenaka anagwada, anaika chikhatho chake pa thanthwe limene tinakhalapo, lofunda ndi dzuwa la masana, n'kuchisiya pomwepo mpaka alendo anabwerera kudzafunsa ngati tinganyamuke.